Pansi pa Penti wa Ndege ya Nsalu

Anthu akamva kuti munthu akudzipangira yekha ndege, amayamba afunsa ngati idzaulukedi. Akatsimikiziridwa zimenezo, funso lotsatira limakhala la mtundu: idzakhala yofiira kodi, kapena yachikasu, nanga m'mbalimu mudzadutsa mizere yotani? Sindiwadabwa, chifukwa nanenso ndimakonda ndege yooneka bwino, ndipo womanga ndege aliyense amayamba kuganizira za mtundu wake chimango chisanathe n'komwe. Koma pa ndege yokutidwa ndi nsalu, mtunduwo umabwera kumapeto kwenikweni, ndipo pa zonse zimene zimapakidwa pa nsaluyo ndi wokhawo umene ungasowe ndege n'kumaulukabe bwinobwino. Zimene zili pansi pake ndi zimene zimasandutsa nsalu wamba kukhala phiko. N'chifukwa chake ine ntchito imeneyi sindiiika m'gulu la zokongoletsa. Ndimaiwerengera pamodzi ndi kuwotcherera mapaipi ndi kumanga mabawuti a injini, ntchito zimene moyo wa munthu umadalira.

Kwa amene sanaionepo pafupi, ndege yotereyi thunthu lake kawirikawiri limakhala la mapaipi achitsulo opyapyala owotcherera pamodzi. Phiko limakhala ndi mitanda iwiri, ya thabwa kapena ya aluminiyamu, ndipo pa mitandayo pamandandalikidwa nthiti zimene zimalipatsa maonekedwe ake. Pamwamba pa zonsezi ndi pamene pamakutidwa nsalu. Kamangidwe kameneka n'kakale koma sikanathe ntchito. Pietenpol Air Camper, imene Bernard Pietenpol anaiulutsa mu 1929 ndi injini ya galimoto ya Ford Model A, anthu akuimangabe mpaka lero potsatira mapulani ake. Piper J-3 Cub ya mu 1938 yabala ana ndi zidzukulu zimene anthu amalumikiza okha m'magalaja, ndipo Kitfox, imene inatuluka mu 1984, nayonso ndi ya mapaipi ndi nsalu. Ku Oshkosh ku America, kumene bungwe la Experimental Aircraft Association limachititsa msonkhano wake waukulu chaka ndi chaka, ndege zotere zimaima m'mizere italiitali. Chimene chimakokera anthu ku nsalu ndi kupepuka kwake. Ndege ya injini yaing'ono imamva kilogalamu iliyonse imene yawonjezeredwa, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayonso tikafika pa penti.

Nsalu yosapakidwa kanthu ili ndi timabowo pakati pa ulusi wake, moti mpweya umangodutsa. Phiko lotere silinganyamule ndege. Choncho ntchito yoyamba ya zopakazo ndi kutseka timabowoto ndi kugwira ulusi kuti usamasunthe. Yachiwiri ndi kutchinga dzuwa. Mtundu ndi wachitatu.

Kale nsalu yake inali ya thonje kapena ya linen, ndipo ankaipaka mankhwala otchedwa dope, amene akamauma ankaikoka mpaka kuuma gwa. Dope woyambirira anali ndi mavuto ake oopsa. Kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1914, anthu ogwira ntchito yopaka mapiko m'mafakitale a ku Britain anayamba kudwala chikasu, ena n'kumwalira, chifukwa cha tetrachloroethane, mankhwala osungunulira dope amene ankawononga chiwindi. Dope wa nitrate naye ndi wachibale wa mafilimu akale a kanema amene ankayaka mosazimitsika, ndipo ndege yopakidwa nitrate yekhayekha ikagwira moto nsalu yake imatha m'kanthawi kochepa. Pambuyo pake kunabwera dope wa butyrate, amene sayaka msanga chotero. Koma thonje linali ndi mdani wina, chinyezi ndi nkhungu, ndipo linkaola. Malamulo a ku America amati nsalu ya thonje ya Grade A ikakhala yatsopano ipirire kukokedwa ndi mphamvu ya mapaundi 80 pa inchi iliyonse, ndipo ikatsika kufika pansi pa 56, omwe ndi 70 peresenti ya mphamvu yake yoyamba, yatha ntchito. Ndege yogona panja inkafika pamenepo m'zaka zochepa chabe.

Zinthu zinasintha pamene nsalu ya polyester inalowa m'malo mwa thonje. Siola, nkhungu siidya, ndipo imakokedwa ndi kutentha m'malo modikira dope. Mmodzi mwa anthu amene anakonza njira yake anali Ray Stits wa ku Flabob Airport pafupi ndi mzinda wa Riverside ku California, amene m'zaka za m'ma 1960 anapanga zopaka za vinyl zimene sizipitiriza kuyaka moto ukachotsedwa. Njira yakeyo lero imadziwika ndi dzina loti Poly-Fiber. Ina yotchuka ndi ya nsalu ya Ceconite ndi dope wa Randolph, ndipo pali ya Stewart Systems imene zopaka zake zimasungunulidwa ndi madzi.

Koma polyester anabwera ndi khalidwe lake limene womanga aliyense ayenera kulimvetsa asanatsegule chitini. Ulusi wa thonje umamwa zimene wapakidwa. Wa polyester ndi woterera ndipo sumwa kanthu. Penti sakakamira pa ulusi umenewu m'mene amakakamirira pa thabwa. Chimene chimachitika n'chakuti mankhwala oyambawo amalowa m'timabowo, n'kuzungulira ulusi uliwonse mpaka kukumana kuseri kwake, ndipo akauma amakhala aukumbatira. Akangokhala pamwamba osalowa, tsiku lina adzasendeka onse pamodzi ndi zonse zimene zinapakidwa pamwamba pake. Pachifukwa chimenechi ulendo woyamba umapakidwa ndi burashi, mankhwala atasungunulidwa bwino, dzanja likukankhira m'kati mwa nsalu. Ukayang'ana kuseri uyenera kuona kuti nsalu yanyowa, koma osati mpaka kudontha, chifukwa dontho louma m'kati limadzaoneka kunja ngakhale utapaka kangati. Pa njira ya dope, ulendo woyambawu umakhala wa nitrate, chifukwa butyrate sagwira bwino pa polyester. Nitrateyo amadzakwiriridwa pambuyo pake ndi butyrate. Ndipo onse awiri ayenera kukhala a mtundu wosakoka nsalu. Dope wokoka uja wa nthawi ya thonje sasiya kukoka ngakhale patapita zaka, ndipo akapakidwa pa nsalu imene yakokedwa kale ndi kutentha amatha kupinda nthiti ndi kukhotetsa m'mphepete mwa phiko.

Ndadumpha zinthu ziwiri zimene zimachitika burashi isananyowe. Choyamba ndi chimango. Nsalu ikangokutidwa, mapaipi ndi matabwa a m'katimo sadzaonekanso kwa zaka makumi awiri kapena kuposerapo, ndiye dzimbiri likayamba lidzadya mwakachetechete. Chitsulo chimafuna primer, penti woyambira wotchinga dzimbiri, wa epoxy wosakaniza zitini ziwiri, thabwa limafuna vanishi wa epoxy. Primer wamba wa chitini chimodzi amasungunuka akakumana ndi guluu womatira nsalu, ndipo nsaluyo imakhala yamatidwa pa chinthu chimene chayamba kale kusendeka.

Chachiwiri ndi kukoka nsalu, ndipo chida chake ndi ayironi wositira zovala. Pa Poly-Fiber umayamba ndi madigiri 250 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 121 a Celsius, n'kumalizira pa 350, pafupifupi 177 a Celsius. Kutentha kukapitirira 375 ulusi umayamba kulefuka ndipo subwereranso, kukadutsa 400 pang'ono nsalu imasungunuka. Mpata wake ndi wochepa chonchi, ndiye manambala olembedwa pa ayironi sangadaliridwe. Umayeza ndi thermometer, n'kulemba wekha zizindikiro pamene pali kutentha kulikonse. Chida chopemerera mpweya wotentha sichiloledwa pa ntchito imeneyi, chifukwa palibe amene angadziwe kuti nsalu yalandira madigiri angati. Ndimakonda kwambiri gawo limeneli. Makwinya amathawa kutsogolo kwa ayironi, maonekedwe a nthiti amatulukira, ndipo ukagogoda ndi chala nsalu imayankha. Kenaka pamabwera kusoka nsaluyo ku nthiti ndi singano yaitali, mfundo iliyonse payokha, motalikirana malinga ndi liwiro la ndegeyo komanso mothinana kwambiri kumbuyo kwa pulopela kumene mphepo imamenya mwamphamvu. Pamwamba pa mfundozo pamamatidwa matepi a nsalu a m'mphepete mwa manomano.

Apa ndiyenera kunena lamulo limene sindilola kukambirana: ukasankha njira imodzi, khala nayo kuyambira pa guluu mpaka pa penti womaliza, ndipo buku la njirayo ulitsate monga linalembedwera. Zopaka za vinyl ndi za dope si zapachibale, ndipo zimene zimaoneka kuti zagwirana lero zimatha kulekana patapita zaka. Womanga ndege yake m'mayiko ambiri ali ndi ufulu woyesa zimene akufuna, ndipo ufulu umenewu ndi wamtengo wapatali. Koma pali nkhani ya Steve Wittman, katswiri wa mipikisano ya ndege komanso womanga ndege wodziwika, amene bwalo la ndege la ku Oshkosh linatchedwa dzina lake. Pa 27 April 1995, iye ndi mkazi wake akuchokera ku Ocala ku Florida kupita ku Oshkosh, ndege yake yotchedwa O&O Special inaphwasukira m'mwamba ku Alabama ndipo onse awiri anamwalira. Ofufuza a NTSB, bungwe la boma la America lofufuza za ngozi za ndege, anapeza kuti nsalu ya pa phiko inamatuka chifukwa sinamatidwe moyenera, ndipo kumatukako kunayambitsa kunjenjemera kwa phiko kumene kunaliswa. Anali ndi zaka 91, atauluka moyo wake wonse. Nkhaniyi ndimaikumbukira mwaulemu waukulu, ndipo imandiuza kuti pa zomatira ndi zopaka luso la munthu silisintha m'mene mankhwala amagwirira ntchito.

Tsopano tifike pa siliva, zopaka zotuwa zotchinga dzuwa, amene kwa ine ndiye mtima wa ntchito yonse.

Polyester saopa madzi, koma amaopa dzuwa. Cheza cha dzuwa chotchedwa UV chimadula ulusi wake pang'onopang'ono, ndipo nsalu yosatetezedwa ikakhala padzuwa imataya mphamvu zake zambiri chaka chisanathe. Choipa n'chakuti maso sangaone zimenezi. Nsalu imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene chala chidzaibowole. Penti wa mtundu, kaya wofiira kaya woyera, satchinga cheza chimenechi mokwanira. Chimene chimatchinga ndi tizidutswa ta aluminiyamu tosalala, tosakanizidwa m'zopaka, timene tikagona pa nsalu timasanjikizana mpaka kuwala kusowa podutsa. Nzeru imeneyi ndi yakale. Spirit of St. Louis, imene Charles Lindbergh anawolokera nayo nyanja ya Atlantic mu 1927, inali ya mtundu wa siliva chifukwa cha dope wosakaniza ndi aluminiyamu, ndipo ndege zambiri za nthawi imeneyo zinkalekezera pomwepo osapakanso mtundu wina. Buku la Poly-Fiber limafuna kuti siliva apoperedwe maulendo atatu opingasa. Ulendo umodzi wopingasa ndi kupopera phiko lonse motsatira utali wake, kenaka n'kubwerezanso modutsa m'lifupi. Aluminiyamu ndi wolemera ndipo amathamangira pansi pa chitini, choncho kutakasa sikutha: usanathire, uli m'kati mopopera, ndiponso ukapumula pang'ono. Wopopera madzi a pamwamba okhaokha amakhala wapaka mtundu wotuwa umene sutchinga kanthu.

Njira yodziwira ngati siliva wakwana ndi yosavuta. Umalowetsa babu wa mawati 60 m'kati mwa phiko kudzera pa bowo loyang'anirapo m'kati, n'kuzimitsa magetsi ena onse, n'kuyang'ana kunja. Paliponse pamene kuwala kukutulukira, dzuwa lidzalowera pomwepo. Malo amene amakonda kuperewera ndi pamwamba pa nthiti, m'mphepete mwa matepi ndi m'makona, ndipo ndi malo omwewo amene sandipepa amakonda kudya. Siliva amachita ntchito ziwiri, kutchinga dzuwa ndi kudzaza timaenje ta nsalu kuti pasalale, ndiye amakwechedwa pakati pa maulendo ndi sandipepa wosalala wa nambala 320 kapena 400, wonyowetsa. Dzanja likangodutsa pa mfundo ya ulusi kapena pa mutu wa rivet, sandipepa amadula nsalu nthawi yomweyo, choncho malo amenewo umawazungulira. Timano ta tepi tikadzuka, sukwecha, umatigoneka ndi ayironi wamng'ono pa madigiri 225 a Fahrenheit. Ndipo ukakwecha, wachotsa siliva. Ulendo womaliza uyenera kutsala wathunthu, ndipo babu uja abwererenso m'phiko.

Ndimakhalitsa pamenepa chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatopera. Pofika pa siliva munthu amakhala atagwira ntchito zaka, ndege ikuoneka ngati yatha, zitini za mtundu zili pa shelefu zikumuyang'ana. Phiko lotuwa silisangalatsa mlendo aliyense. Ndiye mtima umati ulendo wachitatu ulekeke, penti wa pamwamba akwirira. Adzakwiriradi, ndipo ndegeyo idzawala pa bwalo anthu n'kumaijambula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene adzagule ndege imeneyo patapita zaka khumi alibe njira yoonera zimene zili pansi pa mtunduwo, amangokhulupirira kuti womanga anachita zoona.

Kupopera kwenikweniko ndi luso la dzanja, ndipo limaphunziridwa pa makatoni ndi pa kachimango koyeserera kokutidwa ndi nsalu yotsala, phiko lisanakhudzidwe. Spray gun, chida chopoperera penti, imakhala pafupifupi masentimita 20 kuchokera pa nsalu, yoyang'ana molunjika, ndipo chimayenda ndi mkono wonse. Ukamapotoza dzanja pa mfundo yake, pakati pamanyowa kwambiri m'mbali n'kuuma. Mzere uliwonse umakwera theka la unzake. Ukayandikira kwambiri kapena kuchedwa, penti amayenderera. Ukatalikira, amauma asanafike ndipo pamakhala pokhakhala. Kuwala kuzichokera cham'mbali kuti uziona m'mphepete monyowa pamene wafika. Phiko ndi bwino kulikoleka pa chimango chotembenuka kuti nthawi zonse uzipopera pamalo ogona, chifukwa pamalo oimirira penti amatsetsereka msanga. Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito spray gun ya HVLP, imene simwaza penti wambiri m'mlengalenga. Ya turbine imatenthetsa mpweya wake, ndiye penti amafuna thina wochedwa kuuma. Wogwiritsa ntchito kompuresa aike zosefera madzi ndi mafuta pa paipi, chifukwa kadontho kamodzi ka mafuta kapena ka silicone kamachititsa penti kuthawa n'kusiya timaenje tozungulira.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Dope akamauma, thina amauluka mofulumira n'kuziziritsa nsalu, ndipo ngati mpweya uli ndi chinyezi chambiri, madzi amakhala pa penti wosaumayo n'kumusandutsa wotuwa mbuu. Vuto si maonekedwe okha, penti wotereyu ndi wofooka. Mankhwala ochedwetsa kuuma amathandiza pang'ono, koma tsiku la mvula kapena m'mawa wa mame ndi bwino kungotseka zitini n'kukagwira ntchito ina. Kutentha kwabwino ndi kwa pakati pa madigiri 20 ndi 25 a Celsius. Padzuwa penipeni kapena pamphepo sapoperapo.

Za thanzi ndilankhula mosabisa, chifukwa ndimaona anthu osamala kwambiri pa bawuti iliyonse akupepukitsa nkhani ya mapapo awo. Zosungunulira monga MEK zimalowa m'thupi kudzera m'mapapo ndi pakhungu, ndiye magolovesi ndi masiki ya makala yosefera nthunzi ndi zofunika kuyambira tsiku la guluu. Koma penti wa polyurethane wosakaniza zitini ziwiri ndi nkhani ina. Muli mankhwala otchedwa ma isocyanate, amene fungo lake silichenjeza munthu pa nthawi yake, ndipo amatha kuyambitsa mphumu yosachoka, moti munthu akangofika poti thupi lake lawakana, kampweya kochepa kokha kamamutseka chifuwa. Popopera penti ameneyu pamafunika chovala kumutu cholandira mpweya wabwino kuchokera kunja kudzera pa paipi, thupi lonse litaphimbidwa. Amene alibe chida chimenechi asankhe penti wina. Palinso moto. Nthunzi ya thina imayaka ndi kamoto kakang'ono, ndipo nsalu ya polyester ikapukutidwa ndi kansanza kouma imasonkhanitsa magetsi amene amatha kuthetheka. Chimango chilumikizidwe ku nthaka ndi waya, kukwecha kukhale konyowa, fani yotulutsa mpweya ikhale ya mtundu wosathetheka, ndipo mbaula kapena chotenthetsera chilichonse chikhale kutali.

Tikafika pa mtundu, funso lalikulu ndi la kuwala kwake. Polyurethane wopangidwira nsalu, monga Aerothane, amawala waliwali ngati wanyowa, mafuta a ndege samuwononga, ndipo amakhalitsa. Koma akauma sasungunukanso, ndiye pokonza pong'ambika pamafunika kukwecha mosamala, ndipo chigamba chimaoneka. Penti wa vinyl monga Poly-Tone, kapena butyrate wa mtundu, amawala mofatsa. Ubwino wake ndi woti amasungunuka ndi thina wake yemwe: umapukuta pamalopo mpaka pa nsalu, n'kumata chigamba, n'kubwereza masitepe onse, ndipo watsopano amalowererana ndi wakale. Ine ndili kumbali ya wofatsayu. Ndege ya nsalu imatera pa udzu ndi pa miyala, timiyala timalasa kumimba ndi kumchira, wina amaigunda poikankhira m'nyumba yake. Idzang'ambika ndithu, ndipo ndimafuna penti amene ndingamukonze masana amodzi. Komanso maso anga amakondwa akamaona ulusi wa nsalu ukuonekera pang'ono pansi pa mtundu, matepi ali m'mizere yowongoka. Ndege ya nsalu ilibe chifukwa chodzibisira kuti ndi ya nsalu.

Penti wa galimoto ndiye ndimamukaniratu. Anapangidwira chitsulo chosapindika, pamene nsalu imagwedezeka nthawi yonse imene injini ikulira, makamaka kumbuyo kwa pulopela. Poyamba amaoneka bwino kuposa wina aliyense. Patapita zaka zingapo amayamba ming'alu, ina yozungulira pamene chala kapena mwala unadinda, ina yotsatira m'mphepete mwa mapaipi, ndipo mng'alu ukazama umang'amba ndi siliva yemwe n'kutsegulira dzuwa njira. Alipo ena, makamaka omanga tindege topepuka kwambiri, amene amapaka penti wa nyumba wa latex, ndipo ena mwa iwo amakhutira naye. Sindiwanyoza, amadziwa zimene akuyesa ndipo ambiri amayamba ayeza pa nsalu yoyanika padzuwa. Koma pa ndege yonyamula munthu wachiwiri amene sanasankhe nawo pentiyo, ine ndimatsata njira imene inayesedwa ndipo ili ndi buku lake. Amene safuna kupopera n'komwe ali ndi Oratex, nsalu ya ku Germany imene imabwera ndi mtundu ndi chitetezo cha dzuwa kale, yongomata ndi kukoka ndi kutentha. Ndi yopepuka, ilibe nthunzi yoopsa, koma mitundu yake ndi yowerengeka.

Kaya wasankha uti, upake wochepa. Apa ndi pamene kupepuka kuja kumabwerera. Mapiko, thunthu ndi mchira pamodzi ndi malo aakulu, ndipo ulendo uliwonse wowonjezera ndi makilogalamu amene ndege idzawanyamula moyo wake wonse, m'malo mwa mafuta kapena katundu. Penti wokhuthala amachitanso ming'alu msanga kuposa wopyapyala. Maulendo awiri kapena atatu opepuka, ongokwanira kubisa siliva, ndi okwana. Chikasu ndi kufiira ndi mitundu yoonekera, ndipo ikapoperedwa pa siliva mwachindunji imada n'kuoneka yauve, munthu n'kumangowonjezera maulendo kufuna kuikonza. Mankhwala ake ndi ulendo umodzi wa woyera pansi pake. Chikasu chowala chija cha Piper Cub, chokhala ndi mzere wakuda wa mphezi m'mbali, chimatuluka bwino pa maziko oyera. Mitundu yakuda bii imamwa kutentha ndege ikaima padzuwa, ndiye ndi bwino kuisungira mizere ndi zilembo. Mtundu wowala umathandizanso kuti ndege zina zikuone m'mwamba, ndiponso kuti ofunafuna akupeze ngati watera pamalo osayembekezeka.

Kulemera kwa penti kuli ndi malo ena kumene kumaopsa kuposa kungochedwetsa kukwera. Zowongolera ndege, ma aileron a kumapiko ndi elevator ndi rudder za kumchira, zimazungulira pa mahinjesi, ndipo mbali yaikulu ya nsalu yake ili kumbuyo kwa mahinjesiwo. Penti aliyense wopakidwa pamenepo amakokera kulemera kumbuyo. Pa ndege zimene wozikonza anaika malire a kulemera kumeneku, chowongolera cholemera kumbuyo chimatha kuyamba flutter, kunjenjemera kumene kumakula kokha mofulumira mpaka kuswa chimango m'masekondi ochepa. Choncho zowongolera zimapentedwa zitachotsedwa, mopyapyala kuposa pena paliponse, ndipo zikauma zimayezedwanso monga mapulani akunenera.

Mizere ndi zilembo zimafuna kudekha kokha. Tepi yake ikhale yopyapyala yopangidwira kupenta, pepala lophimbira likhale lopanda inki, ndipo m'mphepete mwa tepi mutsindiridwe bwino makamaka podutsa pa matepi a nsalu, pamene penti amakonda kukwawira pansi. Tepi imachotsedwa penti atayamba kugwira koma asanaumiretu, poikokera kumbuyo pang'onopang'ono. Mzere wa m'mbali mwa thunthu uikidwe ndege itaima pa matayala ake, munthu n'kupita patali kukauyang'ana, chifukwa umene ukuoneka wowongoka pafupi umatha kukhala wokhota ukauonera patali. Kukula kwa zilembo za nambala ya ndege kumalamulidwa ndi boma la dziko lililonse. Ku America, mwachitsanzo, ndege zambiri zimafuna zilembo za mainchi 12, koma yomanga wekha imene liwiro lake la paulendo silipitirira ma knot 180 imaloledwa za mainchi 3, ndipo pafupi ndi polowera pamalembedwa mawu oti EXPERIMENTAL a mainchi osachepera 2. Ndi bwino kuwerenga malamulo a kwanu musanajambule maonekedwe a ndege, kuti zilembozo zipeze malo ake.

Penti akauma ntchito imakhala isanathe. Timabowo totulutsira madzi kunsi kwa mapiko ndi mchira tiyenderedwe kamodzikamodzi, chifukwa penti amatitseka, ndipo madzi otsekeredwa m'kati amaoletsa thabwa ndi kudyetsa chitsulo dzimbiri. Mahinjesi ndi mabowo a mabawuti apalidwe. Kenaka ndege yonse ikwere pa masikelo, popeza kulemera kumene kunayezedwa isanapentedwe sikugwiranso ntchito, ndipo penti wambiri amakhala kumbuyo kwa mapiko, kumene amasunthira pakati pa kulemera kwa ndege cha kumchira. Manambala atsopanowo ndi amene amalowa m'mapepala a ndege. M'buku lake mulembedwenso dzina la nsalu, guluu, zopaka zonse motsatana, maulendo ake, ndi nambala ya mtundu uliwonse, kuti amene adzamate chigamba pa phiko limenelo patsogolo adzadziwe chitini choyenera kutsegula.